Makala a m'Fulasiki ya Ababa

Dzulo nditatsegula fulasiki, fungo la tiyi linandibwezera kwathu ku Malemia. Ine ndi achimwene anga tinkakhulupirira kuti m'fulasiki ya ababa muli makala, poti tiyi ankafika kudimba akadali wotentha. Tsiku lina achimwenewo anatola mwala.

"Tiiswe, tione motowo."

"Dikirani, achimwene! Tithiremo kaye madzi a kumtsinje. Akatentha, muiswe."

Tinadikira mpaka masana. Nditalawa, madziwo anali ozizirabe mpaka kulasa m'mano.

"Moto wanu uli kuti?" ndinakuwa ndikuvina, iwo n'kutaya mwala uja mwamanyazi.

Lero ndimaphunzitsa sayansi. Ndimauza ana kuti kapu imataya nthunzi ndi kutentha, botolo lotseka limataya kutentha kokha, koma fulasiki imakaniza zonse ziwiri. Ntchito imeneyi ndinaiyamba masana amenewo, ndili wosavala nsapato.