Tinjerwa ta Mtedza Paulendo wa ku Balaka

Ndinanyamuka pa Nsanama Loweruka cha m'ma 7 koloko m'mawa, kontena ya pulasitiki ili pamiyendo, mtima uli m'mwamba. Linali tsiku loona ana kusukulu yogonera konko ya atsikana kufupi ndi Balaka, komwe mwana wanga Asiyatu akuphunzira Fomu 1. Mkati mwa sabata anali atandiimbira pa foni ya amatironi. "Amayi, mubwere ndi mabisiketi a m'golosale. Za kumudzi iyayi, anzanga andiseka." Za kumudzi iyayi! Mwana womulera ndekha ndi phala la mtedza ameneyo.

Koma ine ndinali nditamuona pa holide yapitayo, khosi litatalika, siketi ikuzungulira m'chiuno. Kandalama kake konse ka m'thumba kamathera pa mabisiketi ndi tizakudya ta m'mapepala tofiiritsa lilime tija. Ndiye Lachisanu ndinatsata nzeru imene anatiphunzitsa mlangizi wa zaumoyo wa kwathu. Ndinakazinga mtedza ndi chitowe, n'kusinja pang'ono chabe kuti mano apeze chotafuna. Ndinawazamo ufa wa malambe, n'kuthira uchi wofunditsa wochokera ku Chikweo. Ndinatsendera zonse m'thileyi ndi botolo, ndipo zitalimba ndinadula tinjerwa makumi awiri, tofanana ngati ta pachikombole. Ndinanyada, sindibisa. Mantha anali amodzi basi: kuti mwana wanga angachite nane manyazi pamaso pa anzake.

Galimoto ya ku Liwonde inali Sienta, K5,000. Galimoto ya anthu asanu ndi awiri tinalowamo khumi, osawerengera matumba a nandolo kumbuyo. Dalaivala anakhala ndi tako limodzi pampando wake, linalo anabwereketsa kwa wokwera.

Titadutsa pa Molipa m'mimba munayamba kulira, poti ndinachoka osamwa ndi tiyi yemwe. Ndinatsegula kontena kuti nditengeko kamodzi. Tsono mukudziwa inu, munthu sudya pagulu osaitanira anzako. Umangoti "karibu", iwo n'kuti "zikomo, pitirizani", nkhani yatha. Ndi mmene timachitira. Ndinati karibu wanga motsitsa mawu ndithu.

Pambali panga panali madala ena ovala kofiya yoyera. Anasuzumira m'kontenamo nthawi yaitali.

"Amayi, mukudya sopo?"

"Iyayi abambo, ndi mtedza ndi uchi."

"Oho. Tione sopo wa uchiyo. Bisimila."

Anatenga. Anatafuna atatsinzina, ndevu zikuvina. Atangoti "koma izi!" basi manja anatuluka mbali zonse. Mayi wina wa chitenje chobiriwira anatenga kake, n'kutenganso kena, akuti ka mwana amene ali kunyumba. Ngakhale dalaivala anatambasula dzanja chakumbuyo, maso ali pamsewu, ngati akulandira ndalama. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati pitirizani. Pofika pa Liwonde tinjerwa tinatsala khumi ndi kamodzi. Kunena zoona mtima unandiwawa, koma ndikanakwiyira ndani? Karibu ndinanena ndekha ndi pakamwa pangapa.

Pa Liwonde tinafika 9 isanakwane. Oitanira anandilanda chikwama ndisanatsike n'komwe. "Balaka, Balaka, watsala mmodzi!" K4,000. Mmodzi ameneyo tinamudikira ola lathunthu, ogulitsa madzi a m'mapepala ndi mazira owiritsa akugogoda pazenera. M'minibasimo ndinapeza malo pampando wa kuseri kwa dalaivala. Ndikucheuka, ogo! Mayi wa chitenje chobiriwira uja walowanso momwemo, ndipo asanakhale n'komwe wayamba kulengeza.

"Abale, amayi awa ali ndi zinthu zokoma, simunazilawepo chibadwire!"

Mitu khumi ndi isanu ndi itatu inatembenukira kwa ine. Mulungu andikhululukire, ndinanama. "Zatha, asisi. Mwamaliza nokha muja." Kontena ndinali nditaikankhira kale kumapazi, n'kuitsamiza pa kachitunda kali kuseri kwa dalaivala kaja, n'kuifunditsa chitenje chopinda kawiri. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Tinaoloka Shire, madzi ali phee, asodzi awiri m'bwato akutiyang'ana ngati ife ndiye opanda chochita. Tinasiya msewu wa ku Mangochi kudzanja lamanja n'kuloza ku Balaka. Amene simunayendepo msewu umenewu mwezi wa Okutobala, musathamangire. Mitengo yonse mbee, minda ya thonje yangotsala ziputu, milambe yaima manja m'mwamba. Mphepo yolowa pazenera imakhala ngati yachokera m'ng'anjo ya njerwa.

Tikuyandikira pa Chiyendausiku, fungo linadzaza minibasi yonse. Kondakitala ananunkhiza uku ndi uku.

"Ndani akukazinga mtedza muno?"

Mayi uja anandiyang'ana cham'mbali. "Zinthu zotha zija zikununkhira bwanji, amayi."

Ndinawerama n'kuvundukula chitenje. Mayo ine! Kontena inali yotentha yosagwirika, chivindikiro chitapindika. M'katimo munalibenso tinjerwa. Munali chiphala chimodzi chabulauni, uchi ukutuluka thovu m'mbali.

Kondakitala anaseka mpaka kugwira chitseko. "Amayi, pamenepo ndi pa injini! Ife timafunditsapo chipisi chikazizira." Minibasi yonse inafa nacho chiseko, ineyo ndinasekako pang'ono kuti ndisalire. Wina kumbuyo anati ndinenenso karibu, iye ali ndi supuni.

Pa Balaka tinatsika 11 koloko itadutsa. Ndinaima pakhonde la golosale ina, kontena m'manja, chiphala chija chikuyamba kugwirana kukhala chibuma. Tinjerwa tokongola tija mwina mwana akanatilandira. Koma ichi? Ndinagonja. Ndinalowa n'kugula mapaketi awiri a mabisiketi. Chibumacho ndinafuna kuchisiya pomwepo, koma kutaya uchi ndi tchimo, ndiye ndinachikulunga m'chitenje n'kuchiponya pansi pa chikwama. Wa kabaza anati K1,500 mpaka pageti, ndipo njira yonse ankandifunsa ngati ndikugulitsa chiponde.

Kusukuluko makolo anali atakhala m'magulu pansi pa mitengo. Ena anabwera pa galimoto zawo, atanyamula nkhuku yootcha ndi zakumwa za m'mabotolo. Asiyatu anabwera chothamanga ndi anzake awiri, Memory ndi Zainabu, onse anagwada n'kundipatsa moni. Ndinatulutsa mabisiketi msangamsanga. Anati zikomo, n'kuwaika pambali. Anzake aja atapita kukalonjera makolo ena, mwana anayamba kununkhiza.

"Amayi, m'chikwamamo muli chiyani?"

"Palibe. Zinthu zinaonongeka panjira."

Anapisa dzanja yekha, mwana wopanda mwambo. Anatsegula, n'kuyang'ana chibuma chija. Ine maso pansi. Anabenthula ndi chala, n'kuika m'kamwa. Anabenthulanso chachikulu. Kachitatu ndinaona maso ake alengeza misozi.

"Ukumveka mtondo wa kunyumba," anatero chapansipansi.

Nthawi yomweyo anzake aja anatulukira. Asiyatu anatseka kontena mwachangu, n'kuilowetsa m'kati mwa juzi yake, n'kupinda manja pamwamba. Pamenepo ndiye mtima wanga unasweka. Chimene ndinkaopa kuyambira pa Nsanama chinali chitachitika ndikuona.

"Wachita nane manyazi, mwanawe?" ndinanong'ona.

"Manyazi a chiyani, amayi? Inu simukuwadziwa awa. Akangolawa, pofika madzulo kontenayi aitsuka ndi malilime." Anatola mapaketi a mabisiketi aja n'kuwaponyera anzake. "Tengani, amayi akubweretserani!"

Atsikana anavina ndi mabisiketi awo. Wanga anakhala chigwirire pamimba ngati wadwala, mpaka belu lotsanzikana linalira. Pondiperekeza kugeti anandifunsa ngati uchi wa ku Chikweo watsalako.

Pobwerera ndinakhala mpando wa kumbuyo kwenikweni, ndikuseka ndekha ngati wamisala. Ndinaphunzira kuti pafoni mwana amapempha zimene akufuna kuti anzake aone, koma njala yake yeniyeni sainena. Ndinafika pa Nsanama dzuwa lisanalowe, ndipo ndinapitirira kumsika kukafunsa mtengo wa chitowe.