Chifuwa cha malume m'chipinda cha migolo

Pafakitale ina ku Marlboro, dera la mu Joni, tinkapopera penti mipando yachitsulo, ine ndi malume anga a ku Mangochi, amene anandiitanira ku Joni. Chipinda chopoperamo chinalibe zenera. Poweruka ukamina, mamina ankatuluka obiriwira kapena ofiira, malinga ndi mipando ya tsikulo. Malume ndiwo anali mkhalakale pamenepo, ndipo chifuwa chawo chinkamveka mpaka kugeti.

Lamulotu linalipo. Boma linkatumiza mzungu woyendera mafakitale, woti akapeza anthu akudwala ndi mpweya woipa atseke malowo. Koma bwana ankadziwiratu tsiku lake. M'mawa ankagawa zotchinga kumphuno zatsopano kwa anzathu achizulu okhala ndi mapasi, ife Amalawi opanda mapepala n'kutitsekera m'chipinda cha migolo kuseri. Woyendera akangotuluka, zotchingazo zinkabwerera m'kabati. Zinkandiwawa zimenezi, moti sindinkatha kukhala pansi m'menemo, ndinkangozungulira migolo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Mnzanga wina wachizulu ankati ndipirire, voti ikubwera, mabwana adzaona. Voti ya ndani? Kuno ndinali mlendo, kwathu chipani chinali chimodzi.

Tsiku lina tili chotsekeredwa, nsapato zinaima pakhomo penipeni, tikumva mawu a woyendera uja. Pomwepo chifuwa cha malume chinayamba kukwera.

"Malume, tsokomolani amve!" ndinanong'ona. "Atsegule, aone zimene penti yakuchitani."

"Akatsegula ayamba kuona chifuwa kapena mapepala?" anatero malume movutikira. "Akandikweza galimoto yondibweza kumudzi, ana anga adya chiyani?"

Anavula kofia yawo yoyera, ija ankapita nayo kumzikiti Lachisanu, n'kuikanikiza pakamwa. Mapewa ankagwedezeka, misozi ili mbwembwembwe, koma mawu sanatuluke. Ine mtima unkandiuza kuti ndimenye chitseko ndi chibakera. Malume anandigwira dzanja mwamphamvu, osalisiya. Nsapato zija zinachoka, kenako tinamva kuseka ndi kulira kwa makapu a tiyi mu ofesi.

Kapitawo atatitsegulira anati woyendera wayamikira kwambiri, akuti fakitale yathu ndi yaukhondo, palibe ndi mmodzi yemwe wodwala. Malume anayang'ana kofia ija. Inali ndi madontho ofiira, ndipo tsikulo penti yathu inali yobiriwira. Anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba, nabwerera kukapopera mipando opanda chotchinga kumphuno.