Maliro Opanda Mtembo ku Wusakile

Chaka chomwe migodi inkagulitsidwa, amuna anga anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri. Anabwera ndi kalata, chisoti ndi jombo, nakhala pampando wa kuchipinda. Miyezi itatu inatha ali pomwepo. Kutchalitchi anasiya, ngakhale kuti ndiwo ankayambitsa nyimbo kumbali ya abambo. Ankati, "Anthu akandifunsa kuti ndili shifiti yanji, ndiyankhe chiyani?" Ine ndinkawaona ngati mneneri uja m'mimba mwa chinsomba, ndipo ndinkapempha Ambuye kuti chiwasanze asanawole.

Masiku amenewo ndinkasita zovala ku Nkana East, kwa mzungu wokalamba wa ku Italy amene kale ankakonza makina otsitsira anthu mumgodi. Madzulo alionse cha m'ma seventini, ndiye kuti faifi koloko, iye ndi mkazi wake ankasamba, kutchena, kugwirana mkono ndi kutuluka pageti. Pobwera sankanyamula ngakhale buledi. Tsiku lina ndinafunsa mayiyo kumene amapita.

"Kulibe," anatero. "Ndi pasejata."

Anati kwawo tawuni yonse imatuluka nthawi imeneyo, kuyenda pang'onopang'ono, kuona anthu ndi kuonedwa, basi. Ndinadabwa, chifukwa kwathu munthu amayenda akatumidwa. Koma m'njira ndinakumbukira kuti ngakhale Mulungu ankayendayenda m'munda dzuwa litapepa, ndipo sankapita kukagula kanthu. Ndinati uwu ndiwo mankhwala.

Amuna anga ndinawachonderera sabata yathunthu kuti nafenso tikayende. Anavomera, koma anati avala suti kuti anthu asaone ngati atheratu. Suti anali nayo imodzi, yakuda. Ine chovala chopanda chigamba chinali yunifolomu ya amayi a chigwirizano, bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Zogwirana mkono anakana, choncho ndinangowagwira pachigongono kuti asabwerere. Tinatuluka Lachitatu, tikuyenda pang'onopang'ono monga ndinaphunzirira, iwo atazyolika kuti asaonane maso ndi munthu.

Mayi wa Chibemba wogulitsa tomato pakona anatiwona, nagwira mutu.

"Mayo! Ni bani bafwa?"

Ndinafuna kumuuza kuti palibe wamwalira, koma amuna anga ananong'ona, "Musayankhe, tiyeni." Mayiyo anavundikira tomato wake, namanga chitenge, natitsatira. Zaka zimenezo maliro anali ochuluka, ndipo munthu wofedwa sumuimika pamsewu ndi mafunso. Umangolowa kumbuyo, dzina ukalimvera konko.

Pofika pampopi tinali anthu khumi ndi awiri. Anzanga a chigwirizano anathamangira m'nyumba kukavala zoyera, wina akudandaula kuti mlembi sanamuuze. Wina anasenza nkhuni, wina kathumba ka makala. Mkulu wa mpingo anatsika panjinga, nayamba kuikankha ndi nkhope yachisoni. Ine thukuta lili kamukamu, ndikupemphera kuti nthaka itsegule pakamwa.

Kenaka mayi wina anayambitsa nyimbo ya maliro. Anaiyamba pamwamba kwambiri, moti pamzere wachiwiri onse ankalira ngati anapiye. Amuna anga anapirira vesi imodzi. Pa yachiwiri anadzutsa mutu, natembenuka.

"Iyayi amayi, mwaikweza! Tsitsani, yambirani apa."

Anaiyamba okha ndi besi yawo ija, imene sindinaimve miyezi itatu. Misozi inanditsika yeniyeni, ndipo amayi awiri anandigwira uku ndi uku, akuti limbani mtima.

Nyimbo ili mkati amuna anga anandinong'oneza, "Kodi pasejata wanu amathera pati?"

"Amangobwerera kunyumba."

"Ndi khamu ili? Tiliphikira chiyani?"

Pamphambano anakhotera kumanzere, kwa mnzawo amene anachotsedwa naye tsiku limodzi, nayenso wosaonekanso kunja. Mkazi wake anali kutsuka mbale pakhonde. Ataona gulu la zoyera ndi zakuda likulowa pageti pake ndi nkhuni, anaponya mbale, nathamangira m'nyumba akukuwa. Patapita kanthawi anatuluka akukoka mwamuna wake, wamoyo, atavala vesiti, wailesi ili m'manja.

Nyimbo inaduka.

"Wamwalira ndani?" anafunsa bamboyo.

"Timamva kuti ndinu, achimwene," anatero amuna anga. "Miyezi itatu osaoneka, tinati mwina ayamba kununkha."

"Ine? Nanga inu amene munasowa mpaka tinati anakugulitsani pamodzi ndi mgodi!"

Mayi wa tomato anatilalatira m'Chibemba, ndipo sindilemba zomwe ananena. Wa nkhuni anati sabwerera nazo, mutu wamupweteka kale. Mkulu wa mpingo anaimika njinga, nati popeza tasonkhana sitingabalalike osapemphera. Anathokoza Mulungu chifukwa cha akufa awiri amene apezeka amoyo, ndipo ameni wake anamveka mpaka kumsewu, wosakanikirana ndi phwete.

Anthu atabalalika ndinati tizipita. Amuna anga anali atavula kale jekete, atakhala panjerwa, akutsegula kumbuyo kwa wailesi ija ndi mpeni.

"Tsogolani amayi," anatero osandiyang'ana. "Mawa mundidzutse msanga. Akuti kumsika wa Chisokone kuli munthu akufuna omuthandiza kuwotcherera mageti, tikamuone ndi mtembo uwu."