Kompyuta Yanga ndi Afilomena Awiri

Sabata yathayi ndinatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa mwana wa achemwali anga, ndipo ndinachita zimenezi ndi chala chimodzi.

Mwanayo ndi Tiyamike wa kwathu ku Likoswe, ndipo wapeza mwamuna wa ku Kadewere, dzina lake Fabiano. Chinkhoswe chili pafupi. Koma azakhali ena anaponya mawu akuti mnyamatayo akununkha chibale, poti makolo athu ndi awo anachokera ku Mozambique njira imodzi. Achemwali anasowa mtendere. Ine, malume wake wa mwana, nkhoswe, komanso munthu amene ndinaphunzirako kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndinadziguguda pachifuwa kuti ndithana nazo tiyi asanazizire.

Njira yake inali yosavuta. Munthu aliyense ndinamutsegulira kabokosi m'pulogalamu, dzina lake pamwamba, m'katimo dzina la mayi ake basi. Kompyuta imawerenga dzinalo, n'kukafuna kabokosi ka dzina limenelo, n'kuwerenganso, mpaka kumtunda. Mzere wa Tiyamike ukakumana ndi wa Fabiano pa gogo mmodzi, ndiye kuti ukwati palibe.

Anzanga a ntchitoyi amaletsa zimenezi. Amati pulogalamu izilozera kabokosi kenikeniko, osati kuyenda ikufunsa mayina ngati mlendo. Ine ndinkaona ngati ndi mantha a anthu a m'tauni.

Ndinadina batani pamaso pa banja lonse. Yankho linabwera msanga: agogo ake a Tiyamike ndi Filomena, agogo ake a Fabiano ndi Filomena, gogo mmodzi.

Tiyamike anathawira kuseri kwa nyumba akulira. Azakhali aja anawomba m'manja kuti ankanena iwo. Koma awerengi, Filomena ameneyu ndi mayi anga ondibereka, ndipo anali pomwepo akusenda nandolo.

"Ndiye mayi ake a mnyamata wa ku Kadewereyo ndinawabereka liti?" anandifunsa. "Ineyo ndinali kuti?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinayesa kukwera nawo mzerewo kuti mwina kumtunda kuwala, koma mayi ake a Filomena ndi Malita, ndipo Malitayo mayi ake analinso Filomena, poti kwathu mwana amatenga dzina la agogo. Kompyuta inayamba kuzungulira pakati pa awiriwo ngati mbuzi ya pachingwe, mpaka inatentha.

M'mawa mwake mayi anandikweza kabaza, iwo patsogolo ine pambuyo, ulendo wa ku Kadewere. Tinawapeza a Filomena enawo, amoyo, aatali, osafanana ndi mayi ngakhale khutu. Iwo ndi mayi anabatizidwa nyengo imodzi, pamene dzinalo linali m'fashoni. Amayi awiriwo anakhala pamphasa n'kuyamba kulondola mtundu. Mayina sankawakhulupirira. Ankafunsana kuti uja anaikidwa manda ati, uja anali ndi mpata m'mano kodi, uja anakwatiwa tsidya liti la mtsinje. Dzuwa lisanafike pamutu anagamula kuti chibale palibe.

Musandiseke ndekha. Ndi kangati mwatuma uthenga kuti "kapatseni a Phiri" pamudzi pamene a Phiri alipo khumi? Ndi angati analiridwa maliro ali kumunda, chifukwa womwalirayo anali mnzawo wa dzina? Nanga aja timakana kuwapatsa mwana wathu titangomva dzina la kwawo, nkhope osaiona? Kufunsa ndi kudziwa njira, inde, koma ukafunsa dzina lokha umakagogoda khomo la eni.

Chinkhoswe chichitika Loweruka. Tiyamike wayambanso kundipatsa moni, ngakhale amayang'ana kumbali. Koma unkhoswe banja landilanda, laupereka kwa mng'ono wanga amene sadziwa n'komwe poyatsira kompyuta. Nditadandaula, mayi anati ndisade nkhawa, ntchito yanga ilipo.

"Iwe ukanyamula mipando," anatero. "Mipando ilibe mayina."