Zala Ziwiri za Akulu Anga

Sindine munthu wokometsa nkhani, ndipo pa msinkhu wanga uno mphamvu zopekera bodza ndilibe, choncho zimene ndikuuzenizi muzitenge mmene zilili, zinachitikira m'khitchini mwanga momwe muno ku Kapata.

Chinali chaka chija magetsi ankangobwera maola awiri kapena atatu n'kupitanso. Firiji inasanduka kabati, nyama ukagula lero mawa yayamba fungo, ndiye ndinaganiza zobwerera ku nzeru zakale, kuidula mopyapyala, kuthira mchere n'kuyanika padzuwa. Koma ndi manja angawa, amene nyamakazi inawalowa kalekale, kudula nyama yambiri ndi mpeni ndi chilango. Ndinapita m'tauni kukafuna makina odulira nyama, aja okhala ndi mpeni wozungulira ngati mbale. Atsopano ndinangowayang'ana n'kumeza malovu. Ndinatenga akale kwa bambo wina amene anatseka butchala yake, ndipo iye anandiuza poyera kuti chotchingira mpeni chinatayika, koma mpeniwo ndi wakuthwa ngati lumo. Ine ndinangomvapo zakuthwazo basi, kodi munthu wotopa amamva zonse?

Patapita masabata angapo kunabwera akulu anga kuchokera kumudzi cha ku Tamanda, mayi wamasiye amene amadya za khasu lake, atanyamula mwendo wa ng'ombe imene inathyoka kwa achibale. Akulu angawa kukhala pansi sadziwa, ukawapatsa mpando amayamba kuupukuta.

Tsikulo magetsi anabwera cha m'ma teni m'mawa, ine n'kuyamba kudula mothamanga, koma nditangofika pakati makina anangoti zii, magetsi apita. Mukudziwa zimene tonse kuno timachita, timasiya wailesi kapena babu chiyatsire kuti akabwera tidziwe msanga. Ine ndinasiya makinawo chiyatsire, ndinati phokoso lake lindiitana ngakhale ndili panja. Ndinawauza akulu anga kuti apumuleko, ine n'kutuluka ndi beseni kukayanika nyama pawaya kuseri kwa nyumba. Za switchi sindinawauze, ndipo kwawo kulibe magetsi oti akanazidziwira okha.

Ndili mkati moingitsa ntchentche, wailesi ya aneba inangoyamba kuimba, anthu mumsewu n'kumakuwa kuti malaiti abwera. Ndinamva makina anga akulira m'nyumba, ndipo ndinasangalala, anthu inu, ndinasangalala ndithu. Kenako kulirako kunasintha ngati agwira chinthu, ndipo panamveka mayo mmodzi yekha, wapansipansi.

Ndinawapeza akulu anga ataima, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje, nsanza yopukutira ikuzungulira limodzi ndi mpeni n'kumawaza magazi pakhoma. Anali ataona timinofu tatsalira pampenipo, ntchentche zikutera, ndiye anati andipukutireko poti makina agona. Ndinathamangira kukazimitsa. Switchi ya makina anga omwe ndinalephera kuipeza, mpaka ndinangozula chingwe pakhoma. Chala chamkombaphala ndi chinzake chapakati panalibe. Chimodzi ndinachipeza m'mbale, pakati pa nyama yodulidwa kale, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimaona chikhadabo chake chili ndi dothi la kumunda. Mayi wa nyumba yoyandikana anathamangira kudzathandiza, n'kunena kuti tichiike mu ayezi mwina madokotala akachilumikiza, koma ayezi akanachokera kuti, mafiriji onse m'komboni ali otentha?

M'takisi popita kuchipatala ndinkadikira kuti andikalipire, bwenzi mtima wanga utapepukako. Iwo m'malo mwake ankandipepesa kuti andiipitsira nyama ndi makina odula, n'kumandipempha kuti ndisawauze bambo a kunyumba kuti iwo ndi amene anagwira popanda kufunsa. Madokotala anasoka bwino, bala linapola, koma zala sizinabwerere.

Kumudzi ena anati ng'ombe yothyoka ija inali ndi tsoka, ena anati alipo amene anawatchera. Ndatopa nako kuwayankha. Mfiti panalibe pamenepo, panali ine ndi ulesi wanga wofuna kuti makina andiitane. Makinawo ndinawaphwanya ndi hamala kuti asakalumenso wina, ndipo inu amene mukufuna kugula anu, ngati alibe chotchingira mpeni asiyeni pomwepo ngakhale akupatseni ulere. Magetsi akapita zulani chingwe musanachoke, ndipo mlendo wa kumudzi muuzeni zonse, ngakhale zimene mukuona ngati n'zodziwikiratu.

Akulu anga akulimabe, khasu amagwira ndi zala zitatu, ndipo sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Chaka chilichonse amanditumizira thumba la mtedza monga kale, kungoti masiku ano umabwera wosasenda, ndipo ndimakhala pakhonde n'kumausenda ndekha.