Magalasi a eyiti amene ndinatumizira bambo

Bwana amene ndimamuyendetsa ku Al Duhail, kuno ku Qatar, amakonda akabawi ake kuposa mmene ena a ife timakondera abale athu. Nyengo yozizira ikafika timakweza mbalamezo m'galimoto, zitavekedwa tizipewa tachikopa tophimba maso, n'kulowera kuchipululu kukasaka. Ine changa ndi chiwongolero basi. Koma tsiku lina kabawi atauluka mpaka kusanduka kadontho, bwanayo anandiponyera magalasi oonera kutali kuti ndimuthandize kuyang'ana. Nditawaika m'maso, mbalame ija inabwera pafupi moti ndinaona nthenga zake zikupepeluka ndi mphepo. Pompo mtima wanga unachoka m'chipululumo. Ndinakumbukira bambo anga ali chilili pachulu.

Kwathu ku Kasungu, udzu ukauma amuna ankamemana uzimba. Lipenga likalira, agalu ankachita misala mudzi wonse. Bambo sanali munthu waliwiro, ndipo chibonga chawo chinkaphonya kawirikawiri, moti anzawo ankawanena kuti gwape wofuna moyo azithawira kwa iwo. Koma maso okha, Mulungu anawapatsa mosaumira. Ankakwera chulu chachitali cha m'mbali mwa dambo n'kuima duu. Akatambasula dzanja, anthu ndi agalu omwe ankathamangira kumene lalozako. Mwambo wake unali wakuti nyama ikagwa, mwendo wakutsogolo ndi wa amene anaiona poyamba. Ife tinakulira mwendo wakutsogolo, ndipo mpaka lero ndikaona nyama ya m'mafiriji a kuno ndimangoti bola kudya.

Kuyambira pamene ndinabwera kuno sindinapondeko kumudzi. Nkhani zimandipeza pafoni kudzera kwa mng'ono wanga, munthu woti mawu amachita kumukoka ndi chingwe. Iye ndiye anandiuza kuti bambo masiku ano amangokhala pakhonde. Akuti anakwera pachulu paja chaka chinacho, anayang'ana nthawi yaitali osaona kanthu, ndipo atatsika anangoti maso afa. Kuchokera pamenepo palibe amene amawaitananso kutchire. Zinandiwawa kwambiri. Munthu amene mudzi wonse unkadikira dzanja lake, lero azingopirikitsa nkhuku pakhonde? Ndinatsimikiza mumtima kuti ndiwabwezera pachulu pawo.

Lachisanu lina ndili pa ofu ndinatengana ndi mnzanga wa ku Mangochi, mlonda wa pasitolo ina ku Al Sadd, munthu wodziwa chilichonse ngakhale chimene sanachionepo. Tinapita kukasitolo kena chakufupi ndi Al Asmakh, kothinana ngati nkhokwe. Wogulitsa anayala magalasi patebulo n'kutilongosolera kuti nambala yolembedwapo imanena kuti chinthu chibwera pafupi kangati. Analipo a eyiti, a teni, mpaka a twente, chimphona choti kunyamula kwake uyambe wadya.

Mnzangayo anagwira a twentewo osafuna kumva zina.

"Amwene, palibe zokambirana apa, tengani awa," anatero. "Katundu wa ku Qatar azioneka kuti ndi wa ku Qatar. Mukatumiza timabainokyula iti, anthu kumudzi ati munachita kutola m'bini."

Sankanama. Matenda amenewa tili nawo tonse kuno. Tikamatumiza chinthu kwathu timafuna chachikulu, kaya ndi wailesi, kaya ndi sutikesi, kuti anthu aone kuti dzuwa la kuno silikutiwotchera pachabe. Inenso dzanja linali litapita kale ku chimphonacho. Ndinangopempha wogulitsayo kuti ndikayesere pakhomo.

Patsindwi la nyumba ya kutsidya kwa msewu panatera nkhunda. Ndi a twente aja ndinaiona mpaka diso lake lofiira, ndipo ndinatsala pang'ono kuipatsa moni. Kenaka inauluka. Ndinaisakasaka uku ndi uku, koma m'magalasimo munkangodzaza khoma, khomalonso likuvina. Komatu awa ndi manja anga, a dalaivala, osanjenjemera. Nanga a bambo, amene pomwa tiyi theka limathera m'malaya? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nditatenga a eyiti, nkhunda ina imene inatsala inaoneka yaing'onopo, koma ndinkaona tsindwi lonse, zovala zoyanikidwa, ndi mphaka atagona pakona. Itauluka ndinaitsatira bwinobwino mpaka pamene inakatera. Apa m'pamene mawu a bambo anandibwerera. Ankati mlenje sayang'ana nyama, amayang'ana udzu. Udzu wonse umaweramira kumene mphepo ikupita, ndiye pamene pagwedezeka motsutsana ndi mphepo, nyama ili pomwepo. Munthu wotere safuna kuona diso la gwape. Amafuna dambo lonse lilowe m'maso nthawi imodzi.

Ndinagula a eyiti. Mnzanga uja anandinyanyalira njira yonse, mpaka m'sitima ya pansi panthaka anakhala mpando wakutali. Potsika anangoti, mothirako Chiarabu chake chotanthauza kuti tiyeni zatha, "Yala, halasi, ndi bambo anu. Koma musadzati sindinanene."

Magalasiwo ndinapatsira mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wogwira ntchito kuhotela, amene ankapita kumudzi kutchuthi. Ndinawakulunga m'thaulo ngati khanda. Masabata otsatirawo ndinkangolota ndili maso. Poyendetsa galimoto m'misewu ya Doha ndinkamva lipenga m'mutu, ndikuona bambo atatambasula dzanja ndipo anyamata akuthamanga. Ndinafika pomva fungo la lupsa ndili pa maloboti.

Foni inalira masana ena ndikutsuka galimoto. Anali mng'ono wanga, pa vidiyo. Anatembenuza foniyo, ndipo ndinaona bambo ali pamwamba pa chulu chija, atavala jekete lawo la kutchalitchi, magalasi ali m'khosi. Anali atachepa thupi kuposa mmene ndinkawakumbukira. Mng'ono wangayo anati anachita kuwagwira dzanja pokwera, ndipo akhala pamenepo kuyambira m'mawa.

"Bambo, mwaswera bwanji?" ndinafuula, payipi ikutayira madzi pansi. "Akugwira ntchito magalasiwo? Sakuvina?"

"Sakuvina, mwana wanga," anayankha. "Unasankha bwino. Ndikuona dambo lonse, kuyambira kuno mpaka kumtsinje."

Ndinaseka ndekha ngati wamisala, mpaka wantchito wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pampanda.

"Ndiye mwaonako chiyani? Gwape? Nkhanga?"

Bambo anaikanso magalasi m'maso n'kutembenuka pang'onopang'ono, monga ankachitira kale. Ndinadikira kuti dzanja litambasuke. Silinatambasuke.

"Ndaona minda ya fodya," anatero. "Ndaona zitsa. Uko kunali thengo la misuku kukufuka uvuni wa makala. Ndaona mbuzi za eni ake, ndi mwana akukwera njinga kutsidya, mpaka ndamuzindikira kuti ndi wa kwa yani."

Mng'ono wanga anayang'ana pansi. Iye ankadziwa kalekale kuti uzimba unatha, kuti anyamata sawaitana bambo chifukwa iwonso alibe kopita. Sanafune kuwauza, ndipo inenso sanandiuze.

Bambo anatsitsa magalasi aja n'kuwapukuta ndi nsonga ya jekete mosamala kwambiri. Kenaka anayandikitsa nkhope kufoni.

"Nthawi yonseyi ndimayesa ndi maso angawa," anatero motsitsa mawu. "Bola akanakhala maso, mwana wanga."