Mizere imene amalume sanachonge

Zaka zimene makampani a boma ankagulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ntchito mwaunyinji, ine ndinapeza kantchito kotayipa pa kompyuta m'kashopu kena ku Matero. Tinkatayipa makalata ofunsira ntchito ndi makadi a ukwati, koma makamaka mapepala a mwambo wa maliro, chifukwa masiku amenewo anthu ankafa kwambiri.

Mwini shopu anali ndi kachitidwe kake. Munthu akabwera ndi zolemba, ndinkatayipa zonse, munthuyo n'kuchonga ndi bolopeni mizere imene akufuna. Mizereyo ndinkaiika chizindikiro, makina n'kusindikiza yokhayo. Yotsalayo sinkafufutidwa, inkangobisika m'kati, kuti munthu akasintha maganizo tisayambirenso. Luso limeneli ndinkalinyadira mpaka kumayenda ngati kompyutayo ndinaipanga ndine.

Kenako mkulu wanga anamwalira. Iye anakwatiwa ndi telala wa ku komboni ya Chawama, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Kwathu ndife a Pentekosite, ndipo ukwatiwo abale sanauvomere. Mkulu wangayo atadwala, ife tinkangopita Lamlungu ndi malalanje, kupemphera mokweza n'kubwerera. Mlamu wangayo ndiye anaphimba makina ake osokera n'kukhala pambali pa mphasa. Komabe mtembo abale anakautenga, ati mwana wathu aikidwa mwachikhristu. Iye sanalimbane nawo.

Mbiri ya malemu ndinailemba ndine, ndipo ndinalembamo zonse: ukwati, matenda, ndi amene anamusamalira. Amalume anabwera kushopu kudzaiona, atavala jekete la ku kampani imene inawachotsa. Anachonga kubadwa, sukulu, ubatizo, kwaya. Atafika pa mlamu, bolopeni inadumpha.

"Va uja munthu sivifunika mu chechi," anatero. "Pa matenda ulembe chabe ati anadwala pang'ono."

Ndinali ndi pakamwa pakuthwa pa makasitomala, koma pamaso pa amalume ndinali nkhuku yonyowa. Ndinaika zizindikiro, makina anatulutsa mbiri ya mkazi amene sanakwatiwepo. Kusindikiza pepala limodzi lathunthu la mlamu yekha kukanangofuna kudina kamodzi. Ndinaganiza zimenezo, koma ndinaopa kuti lingagwere m'manja mwa abale.

Tsiku loika maliro, mlamu anaima panja pa tchalitchi, kachipewa kake koyera kali kumutu. Ndinkagawa mapepala pakhomo, ndikupemphera kuti asandione. Anabwera yekha n'kutambasula manja onse awiri, ine n'kumupatsa pepala. Anawerenga ataimirira, chala chikutsata mzere uliwonse, mpaka kumapeto, n'kutembenuza kuti aone kuseri. Kuseri kunali nyimbo zokha. Manyazi amene ndinamva pamenepo sanandichoke mpaka lero.

Ndinkayembekeza kuti afunsa za dzina lake. Sanafunse. Analoza mzere wa matenda.

"Mulamu, apa mwalakwisa pang'ono," anatero motsitsa mawu. "Sanadwale pang'ono. Anadwala zaka ziwili. Nine nenze kumusambika."

Anapinda pepalalo bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya. Bokosi litatuluka, anadikira kuti achibale onse adutse, ndipo anatsatira kumbuyo pamodzi ndi anthu a m'komboni.